Kuwala kukapsereza njira yake: graphene oxide pa chip cha silicon

Mzere umene sunabwerere pansi

Pa tebulo la mu labotale pali kachidutswa ka silicon, kotchedwa chip, kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Pamwamba pake pasemedwa tinjira ta kuwala totchedwa waveguide, tokhuthala 220 nm (nm ndi nanometer, gawo limodzi pa miliyoni la milimita), totambalala 500 nm, ndipo tina mwa ito tapindidwa kukhala mphete. Pa mphete imodzi payalidwa nembanemba ya graphene oxide, ya kaboni wophatikizana ndi okosijeni, imene anthu a ntchitoyi amangoiti GO. Ndi miyalo iwiri basi, pafupifupi 4 nm, yoti ndi maso simungaione.

Woyeza amayatsa laser ya mafunde otalika 1550 nm, kuwala komwe kuja kumathamanga m'nthambo za fibre za intaneti. Amayamba ndi milliwatt imodzi, n'kumakweza pang'onopang'ono uku akuyang'ana pa kompyuta kuchuluka kwa kuwala kumene kukutayika m'njiramo. Poyamba mzere uli phee. Akapitirira, mzere umayamba kukwera. Akatsitsa mphamvu umabwerera pamene unali, iye mtima n'kukhala pansi. Amakwezanso, ulendo uno kupitirirako ndithu, n'kudikira mphindi zingapo. Akatsitsa, mzere subwerera. Amazimitsa laser, chip n'kuzizira usiku wonse, m'mawa n'kuyezanso: kuwala kukutayikabe monga dzulo madzulo. Palibe chathyoka, palibe chasweka. Koma chimene chili pa mpheteyo si GO ija anayala.

Aliyense wofuna kugwiritsa ntchito GO pa zipangizo za kuwala adzafika pamenepa. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhani zambiri zotamanda GO zimalemba za kuwala pakepake, za kutentha pakepake, ngati ndi mitu iwiri. Pa chip si mitu iwiri ayi. Kuwala kumene nembanemba yamwa n'kumene kumaitenthetsa, ndipo kutenthako kumasintha mmene imamwera kuwala.

Chifukwa chake anthu amaifuna

Graphene, amene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anamusenda pa graphite ndi selotepi ku Manchester mu 2004, ndi kaboni yekhayekha wa muyalo umodzi wa maatomu. Kuwala kukamuboola kamodzi amamwako 2.3 peresenti. Zimaoneka zochepa, koma pa waveguide kuwala sikuboola, kumayenda mogona motsatira muyalowo mtunda wonse, ndiye kumatha msanga. Pa ntchito zina zimenezo n'zabwino. Pa ntchito yofuna kuti kuwala kufike tsidya lina, n'zoipa.

GO ndi wamkulu pa kubadwa. Benjamin Brodie anapanga graphite oxide mu 1859, ndipo njira imene ambiri amayambirapo lero ndi ya Hummers ndi Offeman ya mu 1958. Pa muyalo wa kaboni pamamatira okosijeni wambiri, pafupifupi atomu imodzi pa maatomu awiri aliwonse a kaboni. Okosijeniyu amaphwanya chigwa chimodzi chachikulu cha graphene kukhala tizilumba ta kaboni woyera tozunguliridwa ndi malo odzaza okosijeni. Ma electron sayendanso mwaufulu, magetsi sadutsa, ndipo pamatseguka bandgap, mpata wa mphamvu umene electron iyenera kulumpha kuti imwe kuwala, umene kawirikawiri umayezedwa kuposa 2 eV (eV ndi muyeso wa mphamvuyo).

Nambala imeneyi ndiyo nkhani yonse. Photon imodzi (kachigawo kochepetsetsa ka kuwala) ya 1550 nm ili ndi 0.8 eV. Silicon ali ndi bandgap ya 1.12 eV, choncho photon imodzi samwa, koma ziwiri zikafika pamodzi zimakwana 1.6 eV, iye n'kumwa. Ndilo vuto lakale la silicon pa mphamvu zazikulu. Kwa GO, ngakhale ziwirizo sizikwana. Ikani pamenepo kuti imasungunuka m'madzi, imayalidwa popanda ng'anjo kapena zipangizo zodula zosamutsira graphene, ndipo refractive index yake (n), nambala yosonyeza mmene chinthu chimachedwetsera kuwala, pa 1550 nm ili pafupi ndi 2. Mukuona chifukwa chake gulu la Baohua Jia, David Moss ndi Jiayang Wu ku Swinburne University of Technology ku Melbourne linakhala zaka zambiri likuiyala pa waveguide za silicon, za silicon nitride ndi za galasi.

Koma tizilumba tija sitifanana kukula. Tatikulu timamwako kuwala ngakhale kwa 1550 nm. Ndiye k, nambala yoyezera kamwedwe ka kuwala, ndi yaing'ono koma si ziro. Pamenepo m'pamene kutentha kumalowera.

Tiwerengere limodzi

Tengani 100 mW m'kanjira ka 500 nm ndi 220 nm. Malo amenewo ndi 0.11 ya micrometer ya sikweya, kutanthauza kuti pa sentimita ya sikweya pakudutsa ma watt okwana 90 miliyoni. Dzuwa la masana limapereka 0.1 watt pa malo omwewo. Mu mphete zimaposa pamenepa, chifukwa kuwala kukagwirizana ndi resonance, utali wa funde umene umakwana ndendende mu mpheteyo, kumazungulira kambirimbiri n'kumaunjikana, ndipo mphamvu ya m'kati mwa mphete imaposa imene mwalowetsa.

Tsopano tiyerekeze kuti k ndi 0.01. Kuwala konse kukanakhala kuti kukuyenda m'kati mwa GO, kukanatayika pafupifupi 3,500 dB pa sentimita (dB ndi muyeso wa kutayika kwa kuwala), ndiye kuti palibe chotuluka. Mwayi wake, mbali yaikulu ili m'kati mwa silicon, ndipo ndi kamchira chabe kotulukira kunja kamene kamakhudza nembanemba. Tiyerekeze kuti kamchirako ndi gawo limodzi pa 1,000. Kutayika kumakhala 3.5 dB pa sentimita. Pa milimita yoyamba yokha, pafupifupi 8 mW mwa 100 mW ija yasanduka kutentha, ndipo kutentha konseko kwabadwira m'kansalu kokhuthala ma nanometer ochepa.

Chimene kutentha kumachita pa GO chimadziwika bwino. Mukaiwotcha pang'onopang'ono uku mukuiyeza kulemera, pansi pa madigiri 100 mpaka 120 Celsius chimene chimachoka kwambiri ndi madzi okhala pakati pa miyalo. Madzi amabwerera kuchokera mumpweya, choncho zosintha za m'chigawo chimenechi zimatha kubwerera. Kuyambira cha m'ma 150, makamaka pafupi ndi 200, kulemera kumagwa mwadzidzidzi. Okosijeni akuchoka, ndipo sachoka yekha: amatuluka ngati CO ndi CO2, atanyamula kaboni wa pa muyalo, n'kusiya mabowo. Ameneyo sabwerera. Tizilumba timakula n'kulumikizana, bandgap imachepa, k imakwera.

Ndiye onani mmene zimadzidyetsera zokha. k ikakwera, nembanemba imamwa kuwala kochuluka. Ikamwa kochuluka imatentha kwambiri. Ikatentha kwambiri okosijeni wina amachoka. Pamwamba pa izo, kuchoka kwa okosijeniko nakonso kumatulutsa kutentha, kuposa ma joule 1,000 pa gramu. Pa GO youma ya ufa kapena ya chipepala chokhuthala, mukayatsa ngodya imodzi kusinthako kumatha kuyenda kokha mpaka tsidya lina ngati lupsa la mu Okutobala. Pa chip sipabuka lawi chifukwa silicon wa pansi amayamwa kutenthako, koma kudzidyetsa kuja kulipo. N'chifukwa chake kuwonongeka kumayambira kumene kuwala kukulowera, kumene mphamvu idakali yonse, ndipo n'chifukwa chake nthawi ili ndi ntchito. Mphamvu imene nembanemba yapirira masekondi khumi ikhoza kuisintha mukaisiya ola lathunthu.

Zoti GO imamwaza kutentha

Apa m'pamene ambiri amasochera, chifukwa dzina lakuti graphene limakopa. Mu 2008 gulu la Alexander Balandin ku University of California, Riverside linayeza graphene wolenjekeka ndipo linapeza kuti amayendetsa kutentha pa mlingo wofika cha m'ma 5,000 W/mK, kuposa mkuwa kakhumi. Anthu amanyamula nambala imeneyi n'kuibweretsa kwa GO. Siyake. Okosijeni yemwe uja wotsegula bandgap amatchinganso njira ya kutentha. Gulu lomwelo mu 2015 linayeza nembanemba zochokera ku GO: motsatira miyalo zinkapereka pafupifupi 3 W/mK zisanawotchedwe, ndipo zitawotchedwa pa madigiri 1,000 zinafika pa 61. Koma moboola miyalo zinatsika kufika pa 0.09 W/mK, chifukwa mpweya wotuluka uja unatukula miyalo n'kusiya timatumba pakati pake.

Yerekezani ndi zoyandikana nazo pa chip. Silicon ali pafupi ndi 150 W/mK, silica (galasi) ali pa 1.4. Ndipo chofunika si nambala yokhayo, koma nambalayo kuchulukitsa ndi kukhuthala. GO ya 10 nm pa 3 W/mK mukaiika pambali pa silicon wa 220 nm, kusiyana kumafika pa chikwi. Silicon wopyapyala sayendetsa kutentha ngati wa chibuma, komabe kusiyanako kumatsala m'mazana. Nembanemba yotere singazizilitse chip. Iyo ndiyo gwero la kutentha. Njira yeniyeni imene kutentha kumatulukira ndi yotsikira pansi, kudutsa silica wokhuthala pafupifupi 2 micrometer amene ali pansi pa waveguide, ndipo silicayo ndiye khomo lopapatiza. Wofuna kukweza malire a mphamvu aganize za pamenepo, osati za kuwonjezera miyalo ya GO, chifukwa muyalo uliwonse wowonjezera ukubweretsa kutentha kwina.

Mphete imanena zoona

Ubwino wake, mphete yomweyo ndi choyezera kutentha. Refractive index ya silicon imakwera ndi 0.00018 pa digiri iliyonse, ndipo pa 1550 nm izi zimasuntha resonance ndi pafupifupi 0.08 nm pa digiri, kulowera ku mafunde aatali. Resonance ikasuntha 2 nm, silicon watentha ndi madigiri pafupifupi 25. Silicon nitride sasuntha kwambiri chotere, nambala yake ndi yochepa kasanu ndi kawiri kapena kupitirira, ndiye musanamizike kuti chip cha nitride sichikutentha poona resonance ili pomwepo.

Poyeza, yendetsani laser mbali zonse ziwiri, kuchoka ku mafunde aafupi kupita ku aatali, kenako kubwerera. Pa mphamvu yochepa mizere iwiriyo imagona pamodzi. Kutentha kukayamba, ulendo wopita ku aatali umakankha resonance patsogolo pake, dzenje la pa mzere, pamene kuwala kotuluka kumachepa chifukwa cha resonance, limapendekeka ngati dzino la sowo, kenako n'kudumpha mwadzidzidzi. Ulendo wobwerera suyenda njira imeneyo. Kusiyana kwa maulendo awiriwa ndilo chenjezo loyamba. Ndipo mukakweza mphamvu sitepe iliyonse, tsikani kaye ku mphamvu yochepa ija munayambira, yezani dzenje, lembani. Kukula kwa dzenje pa mphamvu yochepa ndiko kumakuuzani ngati k yasintha kotheratu. Wongokweza osabwerera amadzaona zitatha kale, osadziwa kuti malire anawadutsa pati.

Msampha wina uli pa kuyeza mphamvu ya Kerr, ija imachititsa kuwala kusintha refractive index mwachangu koopsa, imene ndi chifukwa chachikulu chimene anthu amafunira GO. Manambala olembedwa a GO amaposa a silicon kutalitali, koma amasiyanasiyana kwambiri, ndipo mbali ina ya kusiyanako ndi kutentha. Pa njira yoyezera Kerr yotchedwa Z-scan, laser ya femtosecond, ya kuthwanima kwakufupi koopsa, yothwanima ka 80 miliyoni pa sekondi siipatsa nembanemba mpata wozizira pakati pa kuthwanima kumodzi ndi kunzake. Kutentha kumaunjikana, kumapanga lens yakeyake, ndipo lens imeneyo imaoneka ngati Kerr. Bwerezani muyeso ndi laser yothwanima ka 1,000 pa sekondi, kapena dulani kuwalako ndi chopper, gudumu lozungulira lotchinga ndi kutsegula kuwala. Nambala ikasintha, munali kuyeza kutentha. Ndipo mukamaliza, yang'anani malo amene laser inagunda. Pa nembanemba yokhuthala, kadontho kakuda pakati pa bulauni ndi umboni wakuti zimene mwayeza ndi za rGO, GO yochotsedwa okosijeni.

Zimayambira m'botolo

Malire a mphamvu aja amakhazikika kale nembanemba isanayalidwe. Njira imene gulu la James Tour ku Rice University linafalitsa mu 2010 imatenga magalamu 3 a graphite, magalamu 18 a potassium permanganate, 360 mL ya sulfuric acid ndi 40 mL ya phosphoric acid. Zimatakasidwa maola 12 pa madigiri 50, kenako n'kuthiridwa pa ayezi wokwana 400 mL wosakaniza ndi 3 mL ya hydrogen peroxide wa 30 peresenti. Madigiri 50 amenewo musawatenge mwachibwana. Permanganate mu asidi wamphamvu chotere amapanga manganese heptoxide, amene amatha kuphulika akapitirira madigiri 55.

Graphite woyambira ali ndi ntchito. Wa mtundu wa flake, wa tizidutswa tatikulu, amapereka masamba aakulu a GO, ndipo masamba aakulu amasiya malumikiziro ochepa omwaza kuwala. Graphite wa flake ndi amene wapezeka wambiri ku Kasiya, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, pamodzi ndi rutile. Pakati pa dothi la kumeneko ndi chip cha kuwala pali ntchito yaikulu ya kuyeretsa, koma mwalawo ndi womwewu.

Gawo limene anthu amathamangira ndi la kutsuka, pomwe ndilo lofunika kwambiri pa nkhani ya kutentha. Mchere wa potassium wotsalira umachititsa GO kuyaka mosavuta, ndipo gulu la Jiaxing Huang ku Northwestern University linaonetsa zimenezi poyera. Tsukani ndi hydrochloric acid kaye kuti zitsulo zichoke, kenako ndi madzi oyeretsedwa. Musaike nthawi yaitali m'makina a ultrasound, amaphwanya masamba kukhala tizibenthu. Gwiritsani ntchito centrifuge kuchotsa zibuma zosasendeka. Musanayale, tengani dontho muyeze mmene likumwera kuwala kwa UV: GO yabwino imaonetsa nsonga pa 230 nm ndi kaphewa cha pa 300 nm. Nsongayo ikasunthira ku 260 kapena 270 nm, GO yayamba kale kutaya okosijeni m'botolo momwemo.

Poyala, kuzungulitsa chip ndi spin coater n'kwachangu koma kumasiya makwinya ndi malo okhuthala mosiyana, makamaka m'mbali mwa tinjira totukuka. Njira ya muyalo ndi muyalo imachedwa koma imalamulika. Chip chimatsukidwa ndi plasma ya okosijeni, pamwamba pake n'kukhala ndi chaji ya negative. Chimaviikidwa m'madzi a polymer yotchedwa PDDA, ya chaji ya positive, n'kutsukuluzidwa, n'kuumitsidwa ndi mpweya wa nitrogen. Kenako chimaviikidwa m'madzi a GO, amene masamba ake ali negative, masambawo n'kumamatira. Kuzungulira kumodzi kumawonjezera pafupifupi 2 nm. Mukafupikitsa kutsukuluza, polymer yotsala imalowa m'botolo la GO, masamba amaundana, ndipo zibumazo zikagwera pa waveguide zimamwaza kuwala ndi kusanduka malo otentha kwambiri amene kusintha kumayambira.

Njira imeneyi imakuta ndi zipupa za m'mbali zomwe, ndipo izi zili ndi zotsatira zake. GO imamwa kwambiri kuwala kumene mphamvu yake ya magetsi yagona motsatira muyalo kuposa kumene yaima moboola. Pamwamba pa waveguide, kuwala kotchedwa TE n'kogona, choncho kumamwedwa, pomwe kotchedwa TM n'koima, choncho kumadutsa. Umu ndi mmene polarizer ya GO, yodutsitsa mtundu umodzi wokha wa kuwala, imagwirira ntchito. Koma pa zipupa za m'mbali zinthu zimatembenuka: pamenepo TM ndiye wogona. Wofuna kusiyanitsa TE ndi TM mwamphamvu amachita bwino ndi waveguide yokwiriridwa m'mbali, yosalazidwa pamwamba.

Chinyezi ndi msinkhu

Mpata wa pakati pa miyalo ya graphite ndi 0.335 nm. Wa GO uli cha pa 0.8 nm, ndipo umatupa kapena kuphwa malinga ndi chinyezi cha mumpweya. Resonance ya mphete yokutidwa ndi GO yosatsekedwa imasuntha ndi nyengo, moti ena amapangira dala zoyezera chinyezi mwa njira yomweyi. Muyeso wopanda nambala ya chinyezi cha m'chipinda ndi wovuta kuuyerekeza ndi wa munthu wina.

GO imakalambanso. Kafukufuku wa ku Georgia Tech wa mu 2012 anaonetsa kuti nembanemba za miyalo ingapo zimasintha zokha pa kutentha kwa m'chipinda, m'kati mwa mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono. Wa ku MIT wa mu 2014 anaonetsa kuti kuifunditsa masiku angapo pa madigiri 50 mpaka 80 kumasonkhanitsa okosijeni m'magulu, tizilumba ta kaboni n'kukula, kamwedwe ka kuwala n'kukwera, okosijeni asanachoke n'komwe. Madigiri 50 mpaka 80 ndi kutentha wamba m'kati mwa bokosi la zipangizo za intaneti. Kwa ine, ili ndilo funso lalikulu kuposa manambala a Kerr.

Vuto likasanduka cholembera

Kusintha kosabwereraku kukalamulidwa kumakhala chida. Mu 2009 gulu la Huang lija linasandutsa GO kukhala yakuda ndi yodutsa magetsi pogwiritsa ntchito fulashi ya kamera. Mu 2012 Maher El-Kady ndi Richard Kaner ku UCLA anayala GO pa chimbale cha DVD n'kuilemba ndi laser ya LightScribe ya mu kompyuta wamba, n'kupanga zosungira magetsi zotchedwa ma supercapacitor. Mu 2015 gulu la Jia linalemba mizere yozungulira ndi laser ya femtosecond pa nembanemba ya 200 nm n'kupanga lens yafulati. Pamene laser yadutsa zinthu zitatu zimasintha pamodzi: nembanemba imaphwa, refractive index imakwera, k imakwera, ndipo zitatuzo pamodzi ndizo zimasonkhanitsa kuwala pa malo amodzi.

GO ibwere pomaliza

Pa kapangidwe ka chip, dongosolo la masitepe limatsatira madigiri aja. Kukuta waveguide ndi silica mwa njira ya PECVD kumachitika pa madigiri 300 mpaka 400, ndiye GO ikakhalapo kale imatuluka ili rGO. Choncho silica ayambe, kenako mutsegule kazenera pamene mukufuna nembanemba, GO ibwere pomaliza. Ngakhale kuumitsa photoresist, mankhwala ojambulira pa chip, kumene kumachitika cha pa madigiri 90 mpaka 115, ndi bwino kuchitike GO isanafike: jambulani zenera, yalani, kenako sungunulani resist ndi acetone kuti GO ya kunja kwa zenera ichoke nayo. Utali wa zenera ndi chinthu choti muwerengere. Lalitali limapatsa kuwala mtunda wokumana ndi GO, koma kutayika kumadya phindulo, ndipo nthawi zambiri zenera lalifupi la miyalo yochepa limapambana lalitali la miyalo yambiri.

Kutsekera chinyezi kunja kumafuna chophimba choyalidwa pa kutentha kochepa, monga alumina wa njira ya ALD amene amatheka pansi pa madigiri 150, kapena polymer. Njira ina ndi kuwotcheratu nembanemba mwadala pa kutentha kopitirira pang'ono kumene idzagwirepo ntchito, kuti zimene zikanasintha chip chili pa ntchito zisinthiretu mu labotale. Mtengo wake ndi wakuti k imakwera, ndipo kuwala kotayika pa sentimita kumachuluka kuyambira tsiku loyamba. Mukasankha njira imeneyi, yezani n ndi k ndi ellipsometer pambuyo pa kuwotchako, pa kachidutswa kamene kanalowa m'ng'anjo limodzi ndi chip, ndipo utali wa zenera muuwerengere pa manambala atsopanowo.